Kusankha ndi Kulumikiza Sensa ya Kutentha m'Makina Oswetsera Mazira

Dzira la nkhuku limafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21, ndipo kutenthako kukasokonekera ndi digiri imodzi kwa masiku angapo, anapiye amaswa ofooka kapena amafera m'dzira. Amene akudzipangira makina oswetsera mazira ndi bolodi ya Arduino ayambe ndi funso la sensa asanagule babu kapena fani. Langizo langa ndi loti asankhe sensa ya digito, makamaka DS18B20, chifukwa zolakwika zambiri pa muyezo zimalowa panjira, pakati pa sensa ndi bolodi, ndipo sensa ya digito imatseka njira imeneyo.

Choyamba, mvetsani mmene sensa ya analogi imagwirira ntchito. LM35, ya kampani ya Texas Instruments, imatulutsa 10 mV pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti pa madigiri 37.5 imatulutsa 375 mV. Arduino Uno imatenga 5 V yake n'kuigawa m'magawo 1024, gawo lililonse n'kukhala pafupifupi 4.9 mV, lomwe ndi theka la digiri. Apa muli kale pa malire a zomwe dzira lingapirire. Vuto lalikulu ndi loti bolodiyo imayerekeza chilichonse ndi magetsi omwe ikulandira. Magetsi akathima makina n'kusamukira pa batire, 5 V ija ikatsika kufika pa 4.75 V, pulogalamu imawerenga madigiri 39.5 pamene m'bokosi muli 37.5. Ikatero imathimitsa babu, mazira n'kuzizira, koma sensa ilibe mlandu uliwonse. Waya wautali wodutsa pafupi ndi fani kapena relay yoyatsa babu amawonjezeranso phokoso la magetsi pa muyezo wochepa kale umenewu. DS18B20 imasandutsa kutentha kukhala nambala mkati mwake momwe, ndipo chimene chimayenda pa waya ndi nambalayo, yomwe siisintha chifukwa batire yafooka pang'ono.

Chachiwiri ndi kulumikiza. Gulani DS18B20 ya mtundu wokutidwa ndi kachitsulo, yokhala ndi waya atatu, chifukwa m'bokosi mumakhala chinyezi. Kawirikawiri wofiira amapita ku 5 V, wakuda ku GND, wachikasu ku pini imodzi ya digito, koma onetsetsani kwa wogulitsa chifukwa opanga ena amasintha mitundu. Pakati pa wachikasu ndi wofiira ikani resistor ya 4.7k. Ambiri amaiwala kachinthu kameneka n'kumadandaula kuti anagula sensa yakufa. Popeza DS18B20 iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya mabiti 64, mungathe kulumikiza ziwiri kapena zitatu pa waya yemweyo, ndipo m'bokosi lalikulu ndi bwino kutero kuti mudziwe ngodya yomwe ikuzizira.

Chachitatu, mu pulogalamu ikani ma library a OneWire ndi DallasTemperature, ndipo phunzitsani pulogalamuyo kukana nambala ziwiri. Ikawerenga 85, nthawi zambiri zimatanthauza kuti sensa yangoyaka kumene kapena magetsi ake anadukiza isanamalize kuyeza. Ikawerenga -127, bolodi sikuimva sensa, mwina waya waduka. Nambala yachiwiriyi ndi yoopsa zedi, chifukwa pulogalamu yosasamala imaganiza kuti m'bokosi mwazizira koopsa n'kuyatsa babu osathimitsa mpaka mazira kupsa. Lembani kuti nambala zimenezi zikabwera, babu athime ndipo kabelu kochenjeza kalire. Musaiuzenso relay kuti iziyatsa ndi kuthimitsa pa nambala imodzi yomweyo; iziyatsa pa 37.3 n'kuthimitsa pa 37.7, apo ayi izingogundagunda mpaka kuonongeka.

Wina anganene kuti DS18B20 nayonso ikhoza kuphonya ndi theka la digiri, monga momwe opanga ake amanenera pa kutentha kwa pakati pa -10 ndi 85, ndiponso kuti pamsika padzaza zachinyengo. Zonsezi ndi zoona, n'chifukwa chake chachinayi ndi kuiyesa sensa musanaike dzira lililonse. Kusiyana kwake ndi analogi ndi koti kuphonya kwa sensa ya digito kumakhala komweko lero ndi mawa, motero kumakonzeka ndi nambala imodzi, pamene kwa analogi kumasinthasintha ndi batire. Thirani madzi ofunda mu fulasiki, mumizemo sensa pamodzi ndi choyezera kutentha cha kuchipatala, chomwe chinapangidwira kutentha kwa thupi, kumene kuli pafupi kwambiri ndi kwa mazira. Takasani madziwo, dikirani mphindi zingapo, ndipo kusiyana komwe mwapeza mukuwonjezere kapena kukuchotsa mu pulogalamu. Musayese ndi madzi owira poganiza kuti ndi madigiri 100, chifukwa kumalo okwera ngati ku Lilongwe, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97.

Ena amati sensa ya digito imachedwa, ndipo n'zoona kuti imatenga mpaka 750 ms kuti ipereke muyezo wa mabiti 12. Koma mpweya wa m'bokosi susintha kutentha mwachangu chotero, ndiye kuchedwaku sikuononga kanthu. Analogi ili ndi malo ake: thermistor ndi yotchipa komanso yofulumira, n'chifukwa chake imapezeka m'mabatire ndi m'mafiriji, ndipo pa uvuni wopitirira madigiri 125, omwe ndi malire a DS18B20, pamafunika thermocouple. Ngati LM35 ndi yokhayo imene muli nayo, igwiritseni ntchito, koma waya akhale wamfupi ndipo muiuze Uno kuti iziyerekeza ndi 1.1 V ya mkati mwake, imene imatsitsa gawo lililonse kufika pafupifupi digiri 0.1.

Chomaliza ndi malo oika sensa. Ikhale molingana ndi msana wa mazira, kutali ndi kuwala kwa babu, isakhudze khoma la bokosi kapena mbale ya madzi. Kenaka yatsani makinawo opanda dzira kwa usana ndi usiku wathunthu, muziona manambala makamaka m'bandakucha pamene kunja kwazizira, ndipo muike mazira pokhapokha kutentha kwakhazikika.