Musanalipire kochi, kaimeni kaye kumpanda

Ana anga a ku Rimuka ndi ku Pfupajena, ndi inu a ku Eiffel Flats ndi ku Chakari, masewera mukuwaona pa foni aja, a chomenyera chonga kathabwa ndi kampira kapulasitiki kobowokabowoka, dzina lake ndi pickleball. Anayambira pa chilumba cha Bainbridge ku America mu 1965, pamene Joel Pritchard, Bill Bell ndi Barney McCallum ankafunira mabanja awo chosewera pa bwalo lakale la badminton. Ndi masewera abwino ndithu, ndipo safuna malo aakulu. Chovuta n'chakuti masewera akakhala achilendo pamalo, aliyense amene wagwirako chomenyera milungu iwiri amadzuka m'mawa ali kochi. Ndalama za m'nyumba zathu mukuzidziwa. Chifookereni ntchito za nsalu ku David Whitehead, dola iliyonse kuno imafika itawerengedwa kale.

Munthu akakuuzani kuti amaphunzitsa, musafunse mtengo tsiku loyamba. Mufunseni nthawi imene amakhala pa bwalo, mupite, muime kumpanda, mupenye mpaka phunziro lithe. Iye musamuyang'ane kwambiri. Aliyense amaoneka katswiri akamamenya mpira ndi mwana woyamba kumene. Yang'anani ophunzira ake. Sankhani mwana mmodzi, muwerenge kangati wamenya mpira m'mphindi khumi. Mukapeza ana khumi ndi awiri ali pamzere ngati pa chigayo, aliyense kumenya kamodzi n'kukaimanso kumbuyo, uku akochi akufotokoza za mpikisano umene anapambana kwinakwake, bwererani kwanu ndalama zili m'thumba. Wodziwa ntchito amagawa ana awiriawiri kapena anayianayi, mipira ili m'ndowa pambali pake, amanena chinthu chimodzi chokonza, mwana n'kuyesanso pomwepo. Onaninso zimene amachita ndi wofooka kwambiri pagulupo, uja womenya mphepo. Akamusiya kuti azitola mipira, dziwani kuti tsiku loipa inunso adzakuchitani zomwezo.

Ambiri amene angadzabwere kudzakuphunzitsani adzakhala a tenisi, ndipo si zoipa ayi. Mabwalo akale a tenisi m'makalabu a migodi, amene agogo anu ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ankangowasesa osaloledwa kusewerapo, ndi amene angathandize tsopano: malo a bwalo limodzi la tenisi, pamodzi ndi m'mbali mwake, akhoza kutulutsa mabwalo anayi a pickleball. Koma dzanja la tenisi lili ndi makhalidwe ake. Limakonda kukoka chomenyera kuchokera kutali kumbuyo, kuima kumapeto kwa bwalo n'kumaswa mpira mwamphamvu. Pickleball ya anthu awiriawiri imapambanidwa pafupi ndi ukonde. Pali kachigawo ka mamita 2.13 mbali iliyonse ya ukonde, osewera amakatcha khitchini, ndipo uli m'menemo suloledwa kumenya mpira usanadunde pansi. Akatswiri amaima pamzere wa khitchiniyo n'kumaponyerana timipira tofewa totsetsereka pamwamba pa ukonde, mpaka wina atatopa mtima n'kuukweza, mnzake n'kuuswa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kochi amene mwezi wathunthu sanakuimikeni pamzere umenewo akukuphunzitsani tenisi yaing'ono.

Muyeseni ndi mafunso, mwaulemu. Mpira woyambitsa umamenyedwa chokweza, kuchokera m'munsi mwa chiuno. Woulandira ayenera kuusiya udunde kaye, ndipo ukabwerera, oyambitsawo nawo ausiye udunde. Zikatero m'pamene muyamba kuumenyera m'mwamba. Masewera amathera pa mapointi 11, wopambana atatsogola ndi awiri. Ukonde ndi masentimita 91 m'mbali, 86 pakati. Wophunzitsa akayamba kudodoma pa zinthu ngati zimenezi, zina zonsezo musazifunsenso.

Za mapepala, funsani ndithu. Alipo mabungwe opereka ziphaso za uphunzitsi wa pickleball, monga PPR ndi IPTPA a ku America, ndipo wa tenisi weniweni amadziwika ku Tennis Zimbabwe. Komabe pepala amasindikiza ndi munthu, ndipo m'tauni muno makina osindikizira sasowa. Ine ndimakhulupirira kwambiri mawu a ophunzira atatu amene ndingakalankhule nawo iye palibe. Kumbukirani banja la a Black ku Harare. Don Black, amene anasewerako ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, anakonza mabwalo a udzu pakhomo pake n'kumaphunzitsa ana ake tenisi tsiku ndi tsiku. Mwa anawo, Byron ndi Wayne anakagonjetsa Australia kwawo komweko mu Davis Cup ya 1998, ndipo Cara anapambana Wimbledon ya akazi awiriawiri mu 2004, 2005 ndi 2007. Munthu wopezeka pa bwalo nthawi imene ananena, mlungu ndi mlungu, adzakufikitsani patali kuposa katswiri wotsika basi kuchokera ku Harare kamodzi pa miyezi itatu kudzajambulitsa zithunzi za pa Facebook.

Ndalama lipirani pa phunziro lililonse, osati za miyezi itatu nthawi imodzi. Sonkhanani anayi mugawane mtengo, poti masewera a awiriawiri amafunanso anthu anayi. Wa ku Chegutu awerengere ndi ya kombi, chifukwa makilomita oposa 30 opita ku Kadoma, kupita ndi kubwera, akhoza kudya ndalama yoposa ya phunzirolo. Kochi wokukakamizani kugula chomenyera chodula kwa iye musanadziwe n'komwe kuchigwira ndi wamalonda. Yambani ndi chobwereka. Ndalama yoyamba ipite ku nsapato zapansi posaterera, pakuti akakolo ndi mawondo ndiwo amavulala, ndipo kuthamanga chafutambuyo kutsatira mpira wodutsa pamutu kwagwetsa ambiri chagada pa simenti. Wophunzitsa wabwino amakuuzani tsiku loyamba kuti mutembenuke kaye musanathamange.

Bwalo lisakudetseni nkhawa. Muyeso wake ndi mamita 13.41 m'litali ndi 6.10 m'lifupi, chimodzimodzi la badminton ya awiriawiri, choncho holo ya sukulu kapena ya tchalitchi yokhala ndi mizere imeneyo ingofuna kutsitsa ukonde. Panja, choko ndi chingwe zikwanira. Mpira wapanja uli ndi timabowo 40, wam'nyumba 26, ndipo ndi mphepo ya mu Ogasiti kuno wam'nyumbawo umangouluka kopita osakudziwa.

Inu atsikana, ndi inu anyamata aang'ono, apa ndimvereni bwino. Phunziro limachitikira poyera, masana, anzanu alipo. Kochi wokuitanani panokha madzulo, wokutumizirani mauthenga usiku, wonena kuti inu musalipire bola musauze kunyumba, ameneyo musiyeni tsiku lomwelo ndipo mukauze mayi anu, azakhali anu kapena aphunzitsi amene mumawakhulupirira. Ngakhale akhale wodziwa bwanji masewera. Makolo nanunso, tsiku loyamba mupite nawo anawo ku bwalo, mukamupatse moni munthuyo, mukamufunse kwawo ndi kumene amakhala.