Nambala imodzi, malo awiri: foni ndi kompyuta zimagwirizana bwanji?

Aliyense wosunga mndandanda wa anthu m'malo awiri amakumana ndi vuto limodzi: pakapita nthawi, mindandanda ija imayamba kunena zosiyana. Taganizirani mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Kasungu. Nambala za mamembala ali nazo m'foni, zilinso m'kope la kalabu. Mlimi wina wasintha nambala, mlembi wakonza m'foni mokha. Tsiku logulitsa mabelo kumsika wa Chinkhoma likafika, wapampando watenga kope lija n'kutumiza uthenga ku nambala yakufa. Mwini fodya samva kanthu.

Ine ndimasunga nambala ndi maimelo a makolo a ophunzira anga a Fomu 4 pa kompyuta ya kusukulu komanso pa foni yomwe ndimapita nayo kunyumba. Uthenga wa mayeso a MANEB ukaphonya kholo limodzi, wovutika ndi mwana. Ndiye tiyeni tione momwe zipangizo ziwirizi zimagwirizanirana. Ntchitoyi pa Chingerezi amaitcha sync.

Kope lalikulu ndi limodzi basi

Foni ndi kompyuta sizilankhulana mwachindunji. Zonse zimayang'ana ku kompyuta yachitatu yotchedwa seva, monga za Google kapena Microsoft, yomwe imasunga kope lalikulu. Dzina lililonse pamndandanda limapatsidwa nambala yakeyake yobisika, ngati nambala ya mayeso ija. N'chifukwa chake a Banda awiri sasokonezeka.

Ndikasintha imelo ya kholo kusukulu, kompyuta imatumiza kusinthako ku seva. Foni yanga ikapeza netiweki imafunsa kuti, "Chasintha n'chiyani chichokereni ulendo watha?" Seva imatumiza chosinthacho chokha, osati mndandanda wonse. Ndiye musaope kuti bandulo ithera pamenepa. Tiyerekeze kuti dzina limodzi, nambala ndi imelo yake zikutenga mabayiti 200. Mayina 500 ndi mabayiti 100,000, pafupifupi 100 KB. Chithunzi chimodzi chojambula pa foni chimaposa pamenepo.

Nanga zonse zikasintha, wolondola ndani?

Apa ndi pomwe fizikisi ikulowera. Tinene kuti intaneti yakusukulu yaduka, ine n'kusintha nambala ya kholo pa kompyuta 10 koloko m'mawa. Madzulo kholo lija landiuza kuti ayi, nambala yabwino ndi ina, ndasintha pa foni. Mawa intaneti ikabwera, seva ilandira nambala ziwiri za munthu mmodzi. Isankha iti?

Njira yosavuta yomwe mapulogalamu ambiri amatsata ndi yoti chomwe chalembedwa pomaliza ndicho chimapambana. Kusintha kulikonse kumadindidwa nthawi, ngati chidindo cha ku positi ofesi. Koma mwaonatu msampha wake? Njirayi imadalira mawotchi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, komwe kamayendetsa wotchi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta ikhoza kudzuka ikuganiza kuti tili zaka zambiri m'mbuyo. Zikatero, pulogalamu yodalira wotchiyo iona zomwe mwalemba lero ngati zakale, n'kuzitaya.

Pofuna kupewa zimenezi, makompyuta amatchera mawotchi awo kudzera pa intaneti, pogwiritsa ntchito njira yotchedwa NTP yomwe David Mills anaikonza m'ma 1980. Onse amatsata nthawi imodzi ya dziko lonse, UTC. Nthawi yathu ku Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri: ikakhala 10 koloko kuno, pa UTC ndi 8 koloko. Ndipo UTC imachokera ku mawotchi a atomu. Kuyambira mu 1967, sekondi imodzi ndi nthawi yomwe mafunde ochokera ku atomu ya caesium-133 amagwedezeka ka 9,192,631,770. Mukukumbukira phunziro lathu la frequency? Ndi lomweli. Nambala ya mayi anu kuti isasokonezeke m'foni mwanga, pena pake pali atomu yomwe ikuwerengedwa.

Chenjerani: kufufuta nakonso kumafalikira

Ambiri amaganiza kuti akatsegula sync ndiye kuti mayina awo ndi otetezeka. Ayi ndithu. Seva imangokopera zomwe mwachita, zabwino ndi zoipa zomwe. Mng'ono wanu akaseweretsa foni n'kufufuta mayina makumi awiri, kompyuta ya kuntchito nayonso iwafufuta ikangolumikizana. Google imasunga mayina ofufutidwa kwa masiku 30, kenako amapitiratu.

Choncho pamafunika kope lina lapadera lomwe silisintha lokha. Mafoni ambiri amalola kutulutsa mayina onse mu fayilo yothera ndi .vcf, yomwe mungaisunge pa fulashi. SIM khadi musaidalire kwambiri: zambiri zimasunga mayina pafupifupi 250, ndipo foni ikabedwa khadiyo imapitira limodzi.

Ine malamulo anga ndi atatu. Mayina onse ndimawasunga mu akaunti imodzi, osati ena pa SIM, ena m'foni. Wotchi ya chipangizo chilichonse ndimaisiya kuti izidzitchera yokha. Ndipo teremu iliyonse ikatha ndimatulutsa fayilo ya .vcf. Chinanso: ndikagwiritsa ntchito kompyuta yomwe ena amaigwiranso, ndimatuluka mu akaunti ndisananyamuke, chifukwa nambala za makolo si zanga kuti ndizigawa.

Yesani nokha

Tengani makope awiri ndi mnzanu, mulembe mayina asanu ofanana ndi nambala zongopeka. Aliyense asinthe ziwiri mobisa, n'kulemba nthawi pambali. Wachitatu akhale seva, aphatikize. Kenako bwerezani, koma wotchi ya mmodzi ibwezedwe ndi ola limodzi. Ndi nambala ziti zomwe zatayika? Nanga mungakonze lamulo lotani kuti seva isanamizidwe ndi wotchi yolakwika? Mubwere ndi mayankho m'kalasi Lolemba.