Manyazi, Chisoni ndi Kulapa: Zimasiyana Bwanji?

Mnyamata wa kwa Ngokwe ku Machinga watumidwa ndi amalume ake kukagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pamsika wa Balaka. Ndalamazo wazidya, ndipo kumudzi wakanena kuti adamubera. Usiku tulo sakulipeza. Chimene chikumusowetsa mtendereyo n'chiyani?

Chichewa chili ndi mawu angapo pa nkhaniyi, ndipo matanthauzo ake ndi osiyana.

Manyazi amayang'ana kwa anthu. Wamanyazi amaopa kuti anzake akamva amuseka, ndipo nkhani ikabisika, mtima wake umakhala pansi.

Kunong'oneza bondo ndi kulirira zimene zatayika. Apa mpamene akulu amati, "Ndikadadziwa ndikadaphika therere." Munthu amadandaula kuti zamuvuta, koma za amene wamulakwira saziganizira.

Chikumbumtima ndiye mboni ya m'kati. Chimatsutsa munthu ngakhale palibe amene adamuona.

Kulapa kumaposa zonsezi. Mwana akamakwapulidwa amakuwa kuti, "Ndalapa!" kutanthauza kuti sadzachitanso. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, wa mu 1992, pa ndime 1451, amaphunzitsa kuti kulapa kuli ndi zinthu zitatu: kumva chisoni mumtima, kudana ndi tchimolo, ndi kutsimikiza mtima kuti osadzachimwanso.

Yudasi ndi Petulo onse adamva chisoni. Yudasi adabweza ndalama 30 zasiliva, adavomera kuti walakwa, koma adataya mtima nadzipachika (Mateyo 27:3-5). Petulo adalira kwambiri (Luka 22:62), koma sadathawe Ambuye, ndipo pambuyo pake adapatsidwa nkhosa zoti aziwete (Yohane 21:15-17). Kudziimba mlandu popanda chiyembekezo kudamupha Yudasi. Chisoni chodalira chifundo cha Mulungu chidamubweza Petulo.

Nanga mnyamata uja atani? Kuulula kwa wansembe mu Sakramenti la Kulapa n'koyenera, koma nkhani sithera pomwepo. Ndime 1459 ikuti wolapa abweze zimene adaba ndi kukonza zimene adaononga, monga adalonjezera Zakeyo (Luka 19:8). Pepani sapoletsa chilonda. Akuyenera kupita kwa Ngokwe, akagwade pamaso pa amalume ake n'kunena kuti, "Malume, ndidakunamizani, ndalama ndidadya ndine," kenako n'kuyamba kubweza, ngakhale pang'onopang'ono.

Funso lokambirana m'miphakati sabata ino: mkhristu angadziwe bwanji ngati chimene chikumupweteka ndi manyazi chabe kapena kulapa kwenikweni?