KODI MNZATHU UJA NDIYE KUTI WAPENGA?

Usiku wina mu Disembala 2023, tili Folomu 1, kunagwa mvula yamkuntho. Inayamba tonse titagona, ndipo inkamenya malata a nyumba yathu yogona ngati munthu akukhuthulira miyala pa denga. Ndinadzidzimuka ndi mkuwo. Mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa anali chilili pakati pa nyumba, akukoka mabulangete a anthu n'kumakuwa kuti, "Tulukani! Phiri likubwera! Nyamulani mwanayo!" Wina anamugwira mkono, koma iye anamukankhira kutali. Kenaka anagwada n'kuyamba kupala simenti ndi zala ngati akufukula kanthu. Patapita mphindi ngati khumi anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, nayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa motsitsa mau: "Aise, ndachita chiyani?"

Kutacha nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati wapenga, ena ankati ndi ziwanda, enanso ankati amasuta fodya wamkulu. Pa chakudya chamasana wina anayeserera mkuwo uja, anthu n'kufa nacho chiseko. Ndiulule kuti inenso ndinaseka nawo, chikhalirecho ndinkadziwa kuti mnyamatayu kwao ndi m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, kumene matope ndi miyala zinakwirira nyumba pa 13 Marichi chaka chomwecho, pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Namondweyu anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Mwa omwalirawo munali mlongo wake wamng'ono. Dzina lake sinditchula, ndipo wandilola yekha kuti ndilembe izi.

Funso limene linandisautsa ndi ili: munthu amene akuona phiri likugumuka m'nyumba mopanda phiri, si wamisala ameneyo? Ndakhala ndikufunsa a Sisitere amene amatisamala tikadwala, omwe ndi anamwino, komanso kuwerenga zimene ndinapeza m'laibulale. Ndikugawana nanu zimenezi, owerenga anzanga, pakuti ambiri a ife tikulakalaka unsembe, ndipo anthu otere amayamba kugogoda pa khomo la wansembe asanaganize za chipatala.

BALA LOSAONEKA

Madokotala amatcha vuto la mnzangayu post-traumatic stress disorder, mwachidule PTSD. Ndi kuvutika maganizo kumene kumatsalira munthu akakumana ndi zoopsa zofuna kuchotsa moyo: nkhondo, ngozi ya pamsewu, kugwiriridwa, achiwembu, madzi osefukira. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 asirikali ambiri ankachotsedwa kunkhondo akunjenjemera, ena osatha kuyankhula, koma m'thupi mulibe bala. Dokotala wa ku England, Charles Myers, analemba za iwo mu 1915 pa dzina loti shell shock, ngakhale akuluakulu ena a nkhondo ankangoti ndi amantha. Dzina la PTSD linalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980, makamaka kaamba ka asirikali amene anabwerako ku Vietnam. Kuno kwathu vutoli si lachilendo ayi. Makolo athu anakhala limodzi ndi abale a ku Mozambique, pafupifupi miliyoni imodzi, amene anathawira kuno nkhondo yao isanathe mu 1992, ndipo ku Phalombe anthu sanaiwale napolo wa mu Marichi 1991. Chimene chinkasowa ndi dzina lokha.

Sikuti aliyense wopulumuka pa ngozi amadwala. Kusowa tulo, kulira ndi kudzidzimuka m'masabata oyamba n'zachibadwa, ndipo ambiri amapeza bwino paokha akakhala pakati pa abale. Za PTSD zimanenedwa pamene mavutowo apitirira mwezi umodzi ndipo akumulepheretsa munthu sukulu kapena ntchito.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti zoopsa zija zimabwerera zokha, osaziitana. Zimabwera m'maloto, kapenanso masana dzuwa likuswa mtengo. Zikafika pachimake munthu sakhala akukumbukira chabe, amakhala ali pomwepo ndithu: akumva mkokomo, akununkhiza matope. Pa Chingerezi amati flashback. Kawirikawiri pamakhala kanthu kamene kautsa zimenezi, ndipo kwa mnzangayu ndi mvula pa malata ndi fungo la dothi lonyowa. N'chifukwa chake wodwalayo amapewa chilichonse chomukumbutsa. Ife tinkamunena ulesi pozemba ntchito ya kudimba, osadziwa kuti khasu likalowa m'matope manja ake amalefuka. Palinso kudziimba mlandu: iye ankati akanadzuka msanga bwenzi mlongo wake ali moyo, ndipo palibe amene akanamuchotsa pamenepo. Pomaliza pali kukhala tcheru usana ndi usiku. Chitseko chikamenyeka walumpha, kupsa mtima pa zazing'ono, m'kalasi mutu osagwira.

A Sisitere anandipatsa fanizo. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kali ngati mlonda: kakaona choopsa kamaliza belu, mtima n'kuyamba kuthamanga, thupi n'kukonzeka kuthawa kapena kulimbana. Muli kenanso kotchedwa hippocampus, kamene kali ngati mlembi wa pa parishi, wolemba m'buku kuti chakuti chinachitika tsiku lakuti, malo akuti. Pa mantha aakulu mlonda amaliza belu mosalekeza, mlembi n'kusokonezeka. Nkhani imasungidwa m'zidutswazidutswa, phokoso apa, fungo apo, yopanda deti. Tsono ikabwerera, ubongo sudziwa kuti ndi zakale, umayesa ndi za lero. Iwo anandichenjeza kuti ubongo si ofesi ya parishi, koma fanizoli linanditsekula maso.

NANGA MISALA NDI CHIYANI?

Mau oti misala tawasandutsa dengu lotayiramo chilichonse, ngakhale khunyu ndi uchidakwa. Chimene madokotala amatcha psychosis ndi pamene munthu akulephera kusiyanitsa zenizeni ndi zimene zili m'mutu mwake. Ine ndinaziona ndili Sitandade 6 pa amalume anga. Anayamba kumva mau a anthu awiri akukambirana za iwo, m'nyumba muli okha. Ankakhulupirira kuti woulutsa mau pa wailesi akunena iwo, ndiponso kuti agogo akuwathirira mankhwala m'nsima. Ukawatsutsa, iwenso unkalowa m'gulu la adani. Nkhani zao zinali zosalumikizana, ndipo anasiya kusamba. Sizinali za mphindi khumi, zinatenga miyezi, ndipo iwo sankaona kuti akudwala.

Apa kusiyana kukuoneka. Zimene mnzanga uja amaona ndi zimene zinachitikadi. Saonjezerapo za m'mutu. Zimabwera pakakhala chomukumbutsa, zimatha, ndipo zikatha amadziwa kuti ali kusukulu, mpaka kuchita manyazi. Funso lake lija lakuti "ndachita chiyani?" amalume sakanalifunsa. Ndionjezepo kuti wofedwa akamva ngati malemu akumuitana, kapena kuwaona mwachimbuuzi m'masiku a chisoni, si misala. Zimachitikira anthu ambiri abwinobwino.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, kuti awa ndi matenda awiri osiyana, basi. Koma si choncho. Awiriwa ndi pachibale, ndipo njira ya pakati pao imayendedwa kupita ndi kubwera komwe.

Mu 2012 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Filippo Varese linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana. Linapeza kuti anthu amene anakumana ndi nkhanza ali ana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kutayidwa osasamalidwa kapena kuzunzidwa ndi anzao, mpata woti adzadwale psychosis ndi waukulu pafupifupi katatu poyerekeza ndi ena. Onani bwino: kuzunzidwa ndi anzao kuli pa mndandanda womwewo. Amene mumakonda kudzutsa a Folomu 1 pakati pa usiku m'dzina la mwambo wa sukulu, mwamva? Izi sizitanthauza kuti aliyense wozunzidwa adzapenga. Ambiri sadwala konse, ndipo chibadwa cha m'banja, chamba ndi zina zili ndi mbali yake. Koma nkhanza zimafewetsa nthaka.

Palinso odwala PTSD ena amene amamva mau ali maso, kawirikawiri mau a munthu amene anawachita chipongwe, akuwanyoza kapena kuwaopseza. Ena tcheru lija limakula mpaka kusanduka kukayikira aliyense. Munthu wotere akatha masiku osagona, n'kuyamba kusuta chamba kapena kumwa kachasu kuti mutu ukhale chete, malire a matenda awiriwa amayamba kufufutika, moti ngakhale dokotala ayenera kufatsa pofunsa. Funso lofunika kwambiri si lakuti "ukumva mau?" koma lakuti "mauwo ndi a ndani, akuti chiyani, ndipo chinakuchitikira n'chiyani?"

Njira yobwerera ndiyo imandimvetsa chisoni, chifukwa olakwa tinali ife abale. Amalume atayamba kuvuta, anyamata a pamudzi anawagwetsa n'kuwamangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ng'ombe, masiku awiri, ana tikuonerera. Tsiku lachitatu anawakweza pa ngolo ali chimangire kupita kuchipatala. Mankhwala anagwira ntchito. Patapita masabata angapo mau aja anazilala, ndipo lero amalima fodya ndi kupita kutchalitchi ngati wina aliyense. Koma mpaka pano sadutsa pansi pa mango uja, amalota akumangidwa, ndipo akaona amuna atatu akubwera pamodzi amalowa m'nyumba. Misala inachira, chingwe chinasiya PTSD. Madokotala amavomereza kuti matendawo paokha, ndi momwe wodwala amagwiridwira, zikhoza kukhala zoopsa zokwanira kusiya bala lotere.

Yohane Woyera wa Mulungu anazilawa zimenezi. M'zaka za m'ma 1530, mumzinda wa Granada ku Spain, atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila anayamba kuchita zimene anthu anaziyesa misala. Anamutsekera m'chipatala momwe odwala otere ankamangidwa ndi kukwapulidwa, poti ndiwo unali "mankhwala" a nthawi imeneyo. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamala odwala mwaulemu. A Bulazala a chipani chake ndiwo akuthandiza odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

ZA ZIWANDA

Usiku uja ena anathamangira madzi odalitsidwa. Sindikuwanyoza, pemphero silinalakwepo. Koma Mpingo wathu ndi wosamala pa nkhaniyi kuposa ife ana ake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1673, amaphunzitsa kuti asanachite mwambo wotulutsa mizimu yoipa ayambe atsimikiza kuti si matenda, pakuti matenda a maganizo ndi ntchito ya achipatala. Lamulo la Mpingo nambala 1172 limaletsa wansembe kuchita mwambowu popanda chilolezo cha aepiskopi. Taganizani tsono mnyamata amene akudziimba kale mlandu wa imfa ya mlongo wake, anzake khumi atamuzungulira akukuwa kuti chiwanda chituluke. Wamva chiyani? Wamva kuti choipacho chilidi mwa iye.

Bambo Rekitala atamva za chiseko chija anatiitana ife a m'nyumba imeneyo, a Sisitere n'kutiphunzitsa zochita. Munthu zikamubwerera, musamugwire mwadzidzidzi kapena kumuunjikira. Yatsani nyali. Mmodzi yekha ayankhule, mofatsa, akumutchula dzina, akumuuza kumene ali ndi deti la tsikulo. Mupatseni madzi akumwa, mapazi aponde pansi. Uku n'kuthandiza mlembi uja kuti alembe deti. Musamukakamize kufotokoza zimene anaona. Akafuna yekha, mvetserani osadula, ndipo musakaziulutse. Anatiuzanso zinthu ziwiri zosadikira kucha. Munthu akasokonezeka mutu thupi likutentha, akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo akayamba kunena zodzipha, musamusiye yekha, kauzeni akuluakulu ngakhale atakulumbiritsani chinsinsi.

Matenda onse awiri ali ndi chithandizo, koma chosiyana, n'chifukwa chake kuwasokoneza n'koopsa. Psychosis imafuna mankhwala monga chlorpromazine kapena haloperidol, omwe ambiri amapezeka m'zipatala zathu za m'maboma, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. PTSD imamva kwambiri uphungu wa munthu wophunzira ntchitoyi, amene amathandiza wodwala kuyenda m'nkhani yake pang'onopang'ono, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kufikira zidutswa zija zitalumikizana n'kukhala mbiri yakale. Mankhwala a misala okha sachotsa bala limeneli. Ndipo amene ali ndi onse awiri ayenera kuthandizidwa pa onse awiri. Amalume anga palibe anawafunsapo za chingwe chija.

Mnzanga uja anapita kwa mphungu kangapo m'temu yachiwiri ndi yachitatu. Bedi lake analisunthira pafupi ndi khomo, ndipo amagona ndi tochi. Kudimba anayamba ndi kuthirira, khasu analigwira tili Folomu 2. Sindinganene kuti zonse zinatha. Mvula yamphamvu ikagwa usiku ndimamumva akutembenuka, kenaka amandigwedeza phazi.

"Aise, uli maso? Lero ndi pa chani?"

Ndimamuuza tsiku, mwezi ndi chaka. Amabwereza yekha motsitsa, n'kufunda bulangete.