Mafunso ndi Mayankho: Madzi Akatsekeredwa Kenako N'kumasuka

Kalata yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Mulanje, ndipo ikufunsa kuti: "Kodi chigumula chilichonse chachikulu chimayamba ndi mvula?"

Zigumula zina zazikulu kwambiri zimene akatswiri a miyala akuzidziwa sizinayambe ndi mvula, koma ndi kugumuka kwa chinthu chimene chinkatchinga madzi. Zaka pafupifupi 15,000 zapitazo, chakumapeto kwa nyengo yozizira imene mbali yaikulu ya North America inakutidwa ndi madzi oundana, chimulu cha madzi oundanawo chinatseka mtsinje wa Clark Fork ku Idaho, m'dziko la United States, ndipo kumbuyo kwake, ku Montana, kunadikha nyanja imene masiku ano imatchedwa Missoula. Pafupi ndi chotchingacho nyanjayo inali yakuya mamita pafupifupi 600, ndipo madzi ake anali ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a m'nyanja ya Malawi. Popeza madzi oundana amayandama, nyanjayo ikadzaza madzi ankayamba kunyamula chotchingacho ndi kuboola njira pansi pake, njirazo zinkakula mwamsanga chifukwa madzi othamanga amasungunula makoma ake, mpaka chotchinga chonse chinkagumuka ndipo nyanja yonse inkaphwa m'masiku ochepa. Chimulucho chikabwerera, mtsinje unkatsekedwanso, motero zimenezi zinachitika kambirimbiri.

Mphunzitsi yemweyo akupitiriza kuti: "Nanga zimenezi zikudziwika bwanji, poti palibe amene anazilemba?"

Umboni wake uli pa nthaka ya kum'mawa kwa chigawo cha Washington, kumene madziwo anakokolola dothi lonse n'kusema zigwa m'thanthwe lolimba. Kumeneko kuli phompho louma lotchedwa Dry Falls, lalitali mamita pafupifupi 120 ndiponso lotambalala makilomita oposa 5, kutanthauza kuti m'lifupi limaposa katatu mathithi a Victoria a pa Zambezi, ngakhale kuti lero sipagwa madzi. Katswiri wa miyala J Harlen Bretz anafotokoza mu 1923 kuti malowa anasemedwa ndi chigumula, koma anzake anamutsutsa kwa zaka zambiri, poti ankakhulupirira kuti nthaka imasintha pang'onopang'ono basi, komanso Bretz sankatha kutchula kumene madziwo anachokera. Katswiri wina, Joseph Pardee, ndiye anasonyeza mu 1942 kuti pansi pa nyanja yakale ija, ku Camas Prairie, pali mizere ya miyala yofanana ndi imene madzi amasiya pa mchenga wa mumtsinje, koma yotalika mamita angapo, chizindikiro chakuti nyanjayo inakhuthuka mwaliwiro. Bretz analandira mendulo yaulemu ya Penrose mu 1979 ali ndi zaka zoposa 90, ndipo kuchedwa kumeneku n'komvetsa chisoni chifukwa umboni wa ku Washington unali poyera kuyambira pachiyambi.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Phalombe: "Kodi zoterezi zingachitikenso masiku ano, ngakhale kuno kopanda madzi oundana?"

M'mapiri ozizira zimachitikabe, ngakhale sizifika pa kukula kwa Missoula. Mu 1941 nyanja ya Palcacocha ku Peru inaboola khoma la miyala ndi dothi limene linkaisunga, n'kupha anthu osachepera 1,800 mumzinda wa Huaraz, ndipo mu 2023 nyanja ya South Lhonak ku Sikkim, m'dziko la India, inasefukira n'kugumula damu la magetsi pa mtsinje wa Teesta.

Kuno mvula ndiyo imayambitsa, monga zinachitikira ku Phalombe mu 1991 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, komabe kutchingika kwa madzi kumakulitsa ngoziyo. Nthaka ya m'phiri ikakhuta madzi imagumuka, ndipo miyala ndi mitengo zimatha kutseka khwawa kwa kanthawi, kenako napolo amatsika ndi zonse pamodzi. Ku Chiromo nakonso, mtsinje wa Ruo ukadzaza umatchinga Shire n'kubweza madzi ake m'dambo la Elephant Marsh. Chotero amayiwa ndi onse okhala m'munsi mwa mapiri akupemphedwa kuti akaona mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, kapena akamva mkokomo kumtunda, asapite kukaona, koma atuluke m'khwawa n'kuthawira kumalo okwera nthawi yomweyo.