MBAULA YA MAKALA M'NYUMBA YOTSEKA

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimafika pachimake ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku mapiri a Thyolo, mabanja ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera, nagona. Ena mwa iwo sadzukanso. Achibale akawapeza m'mawa amathamangira kuganiza za ufiti kapena chiphe m'ndiwo za dzulo, chonsecho chowapha chili pakati pa nyumba pomwepo, chitasanduka phulusa.

Moto umafuna mpweya monga momwe munthu amaufunira. Kutentha kumene anthu amaotha kumabwera pamene kaboni wa m'makala akuphatikizana ndi okosijeni, mpweya womwewo umene mapapo amakoka. Okosijeni akachepa, makala sapsa mokwanira, ndipo amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Pabwalo mphepo imaumwaza. M'chipinda chotseka ulibe kolowera, motero umangochulukirachulukira usiku wonse.

Utsi wa nkhuni uli ndi ubwino umodzi: umatsokomoletsa ndi kuwawa m'maso. Carbon monoxide alibe fungo, alibe mtundu, salaswa nkomwe pakhosi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amadikira kuti utsi uthe, makala afiire bwino, nkumati tsopano mbaula ingathe kulowa. Makala ofiira opanda utsiwo amatulutsabe mpweyawu mpaka atazimiratu.

Ukalowa m'mapapo umakakamira ku magazi mwamphamvu yoposa ya okosijeni kuwirikiza 200 ndi kupitirira apo. Magazi amayendabe, koma osanyamula okosijeni wokwanira, ndipo ubongo ndi mtima ndizo zimayamba kuvutika. Makanda, okalamba ndi amayi apakati amagonja msanga. Mwana wosabadwa angathe kupwetekeka ngakhale mayi ake atangomva mutu wokha.

Ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Britain anaudziwa mpweyawu kalekale. Potsatira malangizo a katswiri wina, John Scott Haldane, ankatsika pansi ndi kambalame kotchedwa canary m'kachikwere. Kakafooka nkugwa, iwo ankathawa. Mu 1986 mbalamezo zinalowedwa m'malo ndi tizipangizo tamagetsi toyeza mpweya, ndipo mafakitale ambiri lero ali nato tolira pakakhala ngozi.

Kumudzi chipangizo chotere nchosowa, tsono chenjezo ndi thupi lomwe. Mutu umawawa, munthu amamva chizungulire, mseru ndi kufooka, ngati malungo, koma thupi silitentha. Anthu onse a m'nyumba imodzi akadwala chonchi nthawi imodzi, nkumapezako bwino akatuluka panja, malungo si amenewo. Zoterezi zimachitikanso kwa woyendetsa chigayo cha dizilo kapena jenereta m'chipinda chopanda mazenera.

Wopeza munthu atakomoka pafupi ndi mbaula atsegule chitseko ndi mazenera, amutulutse panja msanga, ndipo iye mwini asachedwemo. Amugoneke chammbali, osamumwetsa madzi, mkaka kapena mankhwala azitsamba, chifukwa angatsamwe. Wodwalayo apite naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, pakuti mankhwala ake ndi okosijeni, ndipo kuiwalaiwala kapena kusokonezeka mutu kungathe kuonekera patapita masiku. Achipatala auzidwe kuti m'nyumbamo munali mbaula.

Banja liothe moto pakhonde kapena m'khitchini yolowa mphepo. Nthawi yogona ikakwana, mbaula itsale panja, ndipo ana afunditsidwe mabulangete.