Kodi Soketi Yodula Ikometsa Mau a Wailesi?

Alimi a ku Nkhamenya akagulitsa fodya ku Chinkhoma, ena amagulako wailesi yaikulu ya masipika. Tsono pali ogulitsa amene amati mau ake sangamveke bwino pokhapokha munthu atagulanso soketi ya mtengo wapatali. Zimenezi si zoona ai.

Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ndi mphamvu ya mavoti 230, atayenda mtunda wautali m'mawaya. Soketi ndi khomo chabe lopitirapo. Mkati mwa wailesi muli chipangizo chimene chimachepetsa mphamvuyo ndi kuisalaza kuti ifanane ndi ya batire, ndipo mau amapangidwa pambuyo pake. Paja wailesi ya Saucepan, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949, inkaimba ndi batire yokha.

Koma soketi yakutha ndi nkhani ina. Pulagi ikamagwedera, magetsi amadukaduka, wailesi nkumathetheka, soketi nkumatentha. Ikada m'mphepete, kapena ikamanunkha pulasitiki wopserera, nyumbayo ili pangozi ya moto, makamaka ngati mabelo a fodya ali pafupi. Pamenepo mwini nyumba azimitse magetsi onse, aitane mmisiri wa magetsi kuti aikepo soketi wamba ya mabowo atatu, ndipo waya wa earth ulumikizidwe ndithu. Kulowetsa mawaya osenda ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi nkoopsa kwambiri.

Mau akapanda kumvekabe bwino, mwiniwake akweze eriyo, achotse chaja ya foni kapena inveta ya sola pafupi ndi wailesi, aonenso ngati sipika sinang'ambike.